Mazira, okosijeni ndi chotupa: zolemba za bokosi lathu loyesera mpweya

6 Januwale: funso, ndi zimene tasankha

Ntchito iyi yachokera pa zinthu ziwiri zooneka ngati zikutsutsana. M'zipatala zokhala ndi chipinda chopanikiza mpweya, munthu wa bala losapola la matenda a shuga, kapena amene minofu yake inapsa ndi rediyeshoni, amamupumitsa okosijeni wosasakaniza pa puresha yoposa ya panja kawiri kapena kawiri ndi theka, mphindi pafupifupi 90 tsiku lililonse. Pakapita masabata, timitsempha tatsopano ta magazi timamera pabalapo. Koma chotupa cha khansa nachonso chimadalira timitsempha tatsopano. Judah Folkman analemba mu 1971 kuti chotupa sichikula kupyola milimita 1 kapena 2 chisanadzikokere magazi. Ndiye madokotala anakhala ndi nkhawa kwa zaka zambiri: kodi okosijeniyu sathirira chotupa? Komabe ku Bergen, m'dziko la Norway, gulu la Linda Stuhr linafalitsa mu 2007 zimene linaona pa makoswe a zotupa za m'mawere: okosijeni wambiri anachedwetsa kukula kwa zotupazo, ndipo timitsempha tinachepa.

Ine ndikufuna kuona ndi maso anga zimene zimachitikira timitsempha tozungulira chotupa. Makoswe tilibe chilolezo chake, choncho tigwiritsa ntchito mazira a nkhuku okhala ndi mluza. Mkati mwa chigoba muli nembanemba yodzaza timitsempha, yomwe mluza umapumira, ofufuza amaitcha CAM. Peyton Rous ndi James Murphy anaikapo kale zotupa pa nembanemba imeneyi mu 1911, ndipo njirayi ikugwirabe ntchito chifukwa chitetezo cha mluza chimakhala chisanakhwime moti n'kukana maselo achilendo.

Tagwirizana kuti puresha sitiigwira. Okosijeni wosasakaniza wopanikizidwa m'chotengera chopanga tokha ndi ngozi ya moto yomwe palibe aliyense pano angaivomere. Tiyesa okosijeni 60 peresenti pa puresha wamba. Ndilembe poyera kusiyana kwake kuti wina asadzasokoneze: mumpweya wamba okosijeni amakankha pafupifupi 160 mmHg (mmHg ndi muyeso wa puresha), pa 60 peresenti ndi 456 mmHg, pamene m'chipinda cha kuchipatala pa puresha kawiri ndi theka amafika 1,900 mmHg. Zathuzi ndi zapansi kwambiri.

Komiti yoona za kasamalidwe ka zamoyo pa kafukufuku yatiloleza kufika tsiku 14 la mluza basi, mwa masiku 21 amene dzira limatenga kuti liswe.

15 Januwale: kumanga bokosi

Zipangizo: bokosi la pulasitiki loonekera mkati la malita 20 lokhala ndi mphira pachivindikiro, konsentireta yakale (makina osefa okosijeni kuchokera mumpweya wamba) yomwe imatulutsa okosijeni wa pafupifupi 93 peresenti, kapampu ka mpweya ka m'thanki ya nsomba, timamita tiwiri toyezera kuthamanga kwa mpweya, mapaipi a silikoni, ndi sensa ya okosijeni. Konsentireta tabwereka. Pa zonse zogula, sensa ndiyo yadya ndalama zoposa zina zonse kuphatikiza pamodzi.

Masamu ake ndi awa: kuti 93 peresenti ya konsentireta ndi 21 peresenti ya mpweya wamba zipereke 60, pafunika malita 1.1 pa mphindi kuchokera ku konsentireta ndi 0.9 kuchokera ku pampu. Malita 2 pa mphindi m'bokosi la malita 20 ayenera kufikitsa mpweya pafupi ndi mlingo wake m'mphindi 30.

Ndaboola mabowo atatu: lolowera, lotulukira, ndi la waya wa sensa. Bowo lachitatu pulasitiki inang'aluka chifukwa ndinakanikiza chibowolero mofulumira. Tagula bokosi lina, ndipo ulendo uno ndinayamba ndi kabowo kakang'ono n'kumakuza pang'onopang'ono, kuseri nditaikako thabwa.

Chinthu chimodzi sindinalole kuti tichedwe nacho. Bokosili lizikhala mu inkyubeta, chipangizo chofunditsira mazira, ndipo paipi yotulukira yadutsa pabowo la kumbuyo kwake n'kukathera panja pa zenera. Mu inkyubeta muli waya wotenthetsa ndi fani, ndipo okosijeni akamaunjikana mmenemo ndiye kuti tikuyalira moto mphasa. Girizi ndi mafuta aliwonse asayandikire polumikizira mapaipi.

22 Januwale: sensa ikunena zosiyana

Ndayendetsa bokosi lopanda mazira masiku atatu. Tsiku loyamba sensa inafika pa 59 n'kukhazikika, mtima pansi. Tsiku lachiwiri m'mawa inali pa 51, ndipo nditatsegula chivindikiro kuti ione mpweya wamba inawerenga 17 m'malo mwa 20.9. Ndinathera theka la tsiku ndikupaka madzi a sopo polumikizira paliponse kufunafuna podontha mpweya, koma thovu silinaoneke.

Vuto linali mame. Ndinaika sensa chagada pansi pa bokosi, ndipo timadontho ta chinyezi tinaunjikana pankhope pake n'kutseka njira ya mpweya. Ndaipachika pachivindikiro itayang'ana pansi, kutali ndi mbale ya madzi. Kuyambira lero lamulo ndi ili: m'mawa uliwonse sensa iyambe yawerenga 20.9 mumpweya wamba, apo ayi manambala a dzulo lake sitiwakhulupirira. Masensa a mtundu uwu amathanso msanga akamakhala mu okosijeni wambiri, choncho taitanitsa ina yosungira.

3 mpaka 6 Febuluwale: mazira oyamba

Mazira 40, opanda chotupa, ongoyesera bokosi. Inkyubeta pa madigiri 37.5, chinyezi pafupifupi 60 peresenti. Pa tsiku 3 la mluza ndinapukuta chigoba ndi ethanol wa 70 peresenti, kubaya singano kumbali, kukoka mamililita 3 a madzi oyera a m'dzira kuti mluza utsike, kenako kudula kazenera pamwamba n'kukamata ndi tepi yoonekera.

Mazira 6 analibe mluza. Ena 5 ndinawaononga ndekha: singano inaloza pakati m'malo moloza pansi, n'kuboola mbali yachikasu. Ukaona chikasu m'sirinji, dziralo latha. Tizidutswa ta chigoba tinagweranso pa mluza m'mazira angapo. Zinasiya nditayamba kumata tepi pachigoba ndisanadule, n'kudula lumo likudutsa patepipo.

17 Febuluwale: gulu loyamba lalephera

Pa mazira 14 amene analowa m'bokosi pa tsiku 10, amoyo lero ndi 5. Omwe anatsala mu inkyubeta ambiri ali bwino. Mwamsanga munthu anganene kuti okosijeni wapha miluza, ndipo inenso ndinaganiza choncho usiku woyamba, poti kuopsa kwa okosijeni wambiri kunadziwika kalekale: Paul Bert anaona nyama zikukomoka nako mu 1878, ndipo Lorrain Smith anaona mapapo akuwonongeka mu 1899. Koma nditasenda tepi, nembanemba inali youma pansi pa kazenera, yotuwa ngati pepala. Mpweya wa konsentireta umatuluka wouma kotheratu, chifukwa mchenga wa zeolite umene umagwira naitirojeni umagwiranso madzi. Malita 2 pa mphindi, usana ndi usiku, anaumitsa mazira ngakhale munali mbale ya madzi. Chipangizo choyezera chinyezi sindinachiike m'bokosi, chinali panja pake mu inkyubeta, chikuwerenga 60 mokhulupirika.

Mazira atatu mwa omwe anali kunja kwa bokosi anachita chuku. Onse atatu ndi omwe ndinkawatsegula tepi pafupipafupi kuti ndijambule.

24 Febuluwale: zokonza

Mpweya tsopano ukudutsa m'botolo la madzi lomwe lili mkati mwa inkyubeta, kuti madziwo akhale ofunda. Chinyezi m'bokosi chakwera kufika pakati pa 60 ndi 65. Ndaikamo chipangizo chake choyezera. Ndinayesa kuchepetsa mpweya kufika pa lita 1 kuti usaumitse kwambiri, koma sindinapite pansi kuposa apo, chifukwa miluza imatulutsa kaboni dayokisaidi, ndipo mpweya woyendayo ndi umene umamuchotsa. Zithunzi tizijambula kudzera patepi, tepiyo osaisenda mpaka tsiku lomaliza.

12 Malichi: kuika maselo a chotupa

Gulu lachiwiri linalowa pa 3 Malichi, mazira 60, ndipo lero ndi tsiku 9. Tikugwiritsa ntchito maselo a U-87, a chotupa cha muubongo, chifukwa amagwira bwino pa nembanembayi ndipo amakoka timitsempha tambiri. Dzira lililonse lalandira maselo pafupifupi 1 miliyoni osakaniza ndi Matrigel (chinthu chonga phala chogwirizira maselo pamodzi), mkati mwa kamkombero ka silikoni koikidwa pakati pa mitsempha iwiri ikuluikulu.

Matrigel imakhala yamadzi ikazizira ndipo imalimba ikangofunda. Ndinaisunga pa ayezi, koma timilomo ta pipeti, kachipangizo kotungira ndi kudontheza timadzi, ndinatisiya patebulo. Pofika dzira lachisanu ndi chitatu inali italimbira m'kamlomo, ndipo madontho ena anatuluka theka. Mazira 8 oyambawo ndawalemba chizindikiro, sadzawerengedwa. Kabotolo kamodzi ka Matrigel kadutsa mtengo wa mazira onse amene tagula mpaka lero, choncho kutaya kwake kwandiwawa. Timilomo tizigona mufiriji usiku wonse.

Tasankha Matrigel yochepetsedwa zokulitsa maselo. Yawamba imachokera ku chotupa cha mbewa ndipo imabwera ndi zinthu zake zimene zimatha kudzutsa timitsempha, zomwe zikanasokoneza zimene tikuwerenga.

17 Malichi: zotsatira zokoma, koma sizathu

Tsiku 14. Zotupa za m'bokosi la okosijeni zinaoneka zazing'ono ndi zotuwa, za mu inkyubeta zonenepa ndi zofiira, timitsempha titaloza pakati ngati masipoko a njinga. Ndinajambula, kuyeza kulemera, n'kuthamanga nazo kwa otiyang'anira.

Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Nanga mazira oyerekezerawa anali m'bokosi liti?"

Ndinati, "Sanali m'bokosi, Adokotala. Anali pashelefu ya pamwamba."

"Ndiye mwayerekeza zinthu zingati pamenepa? Okosijeni yekha, kapena okosijeni ndi bokosi ndi mphepo ndi shelefu?"

Tinaika temometa m'bokosi madzulo omwewo. Munali mozizira ndi pafupifupi digiri imodzi poyerekeza ndi pashelefu, chifukwa mpweya umalowa usanafunde mokwanira. Digiri imodzi kwa mluza si yochepa, imachedwetsa kukula kwake konse, nembanemba ndi timitsempha tomwe. Nditayerekeza miluza yeniyeniyo, ya m'bokosi inali yaing'ono. Choncho zotupa zazing'onozo sindinganene kuti ndi ntchito ya okosijeni. Masabata awiri, mazira 60 ndi Matrigel zapita. Chimene chikundikhudza kwambiri n'chakuti zithunzizo zinali zofanana ndi zimene ndinkayembekezera, ndipo chifukwa cha chimenecho sindinadzifunse funso limene iwo anafunsa m'mphindi imodzi.

31 Malichi: bokosi lachiwiri

Tamanga bokosi lina lofanana ndendende, la mpweya wamba wokhawokha: pampu yake, botolo lake la madzi, lita 1 pa mphindi. M'mabokosi onse awiri mpweya ukuyamba wazungulira m'paipi ya mamita 3 yokulungidwa mkati mwa inkyubeta usanafike ku botolo. Kwa masiku anayi kutentha kwa mabokosi awiriwa sikunasiyane kupyola 0.2. Tsiku lililonse tiziwasinthanitsa malo, lakumanja kumanzere, kuti ngati mbali ina ya inkyubeta imafunda kwambiri, onse alaweko.

Ndawonjezanso magulu awiri omwe poyamba sindinawaganizire: mazira olandira Matrigel yopanda maselo, ena mu okosijeni, ena mumpweya wamba. Chifukwa chake ndi nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane. M'zaka za m'ma 1940 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1950 ana ambiri otere anachita khungu, ndipo Kate Campbell wa ku Melbourne anasonyeza mu 1951 kuti vutoli limayendera limodzi ndi okosijeni wambiri amene ankapatsidwa. Norman Ashton wa ku London anaona pa ana amphaka kuti okosijeni wambiri amatseka timitsempha tanthete ta m'diso. Nembanemba ya dzira nayonso ndi yanthete, ikukula. Ngati okosijeni amachepetsa timitsempha take ngakhale popanda chotupa, tiyenera kudziwa kuti ndi mochuluka bwanji, tisananene chilichonse chokhudza khansa.

Sabata ino mnzanga wina wa mu labu, amene mayi ake ali pa chithandizo cha khansa, anandikokera pambali n'kufunsa ngati konsentireta kunyumba ingawathandize. Ndinamuuza zimene ndikudziwa. Okosijeni payekha sanasonyezedwe kuti amachiza khansa mwa munthu. Pamene waonetsa phindu ndi pomuphatikiza ndi rediyeshoni, chifukwa maselo osowa okosijeni amapirira cheza cha rediyeshoni pafupifupi katatu kuposa okhala naye, mfundo imene L. H. Gray ndi anzake anaiunika mu 1953. Ian Churchill-Davidson anayamba kuyesa zimenezi pa odwala ku London mu 1955, ndipo pa khansa za m'mutu ndi m'khosi zotupa zinkagonja bwinoko, koma odwala ena ankakomoka ndipo minofu yabwino inkapsa kwambiri. Ndinamupempha kuti akafunse dokotala wa mayi akewo, ndipo asasinthe kalikonse chifukwa cha mazira anga.

21 Epulo: gulu lachitatu, tsiku 14

Mazira 80 analowa pa 7 Epulo, maselo anaikidwa pa 16, okosijeni anayamba pa 17. Afika lero amoyo ndi 49, ogawika bwino m'magulu anayi, ndipo imfa sizinapendekere bokosi limodzi. Chuku chagwira dzira limodzi lokha.

Pojambula, nembanemba imanyezimira ndipo timitsempha tofiira timasochera pamwamba pa chikasu. Tabaya kirimu woyera pansi pa nembanemba, ndipo timitsempha taonekera bwino kwambiri. Mnzanga wasintha mayina a zithunzi zonse kukhala manambala osatsatana, kiyi wake wausunga yekha. Ine ndiwerenga mu ImageJ, pulogalamu ya pakompyuta younikira zithunzi, ndisakudziwa kuti chithunzi ndi cha gulu liti: mkombero umodzi wofanana kuzungulira chotupa, n'kuwerenga timitsempha todutsa mzerewo ndi mphanda zake.

28 Epulo: zimene zatuluka

Kuwerenga kwatenga masiku anayi. Zithunzi 10 ndinaziwerenga kawiri mosadziwa, chifukwa mnzangayo anazibwereza dala, ndipo pa ziwiri manambala anga anasiyana kwambiri. Zonse ziwiri zinali zojambulidwa chopendekeka. Tapanga choimikira kamera chosasuntha.

Titatsegula kiyi, chooneka ndi ichi. Mu okosijeni timitsempha ting'onoting'ono tachepa kuzungulira chotupa. Koma tachepanso m'mazira a Matrigel yopanda maselo, ndipo kuchepa kwake sikukusiyana kwenikweni. Kulemera kwa zotupa za mu okosijeni ndi za mumpweya wamba kwalowanalowana, mazira ake ndi ochepa, moti sindinganene kuti zina ndi zazing'ono. Kusiyana kwakukulu kwa mwezi watha kwasowa. Chimene ndingaime nacho ndi chakuti m'bokosi lathu okosijeni sanakulitse chotupa, ndipo anachepetsa timitsempha ta nembanemba yonse, osati ta chotupa tokha.

Zimenezi zikugwirizana ndi mmene selo limamvera okosijeni. Puloteni ya HIF-1α, imene Gregg Semenza anaitulukira m'zaka za m'ma 1990, imaunjikana okosijeni akachepa n'kudzutsa majini ngati VEGF oitana timitsempha. Okosijeni akakwanira, puloteniyi imaikidwa chizindikiro n'kuphwanyidwa, ntchito imene Semenza, Peter Ratcliffe ndi William Kaelin analandirira mphoto ya Nobel mu 2019. Njira imeneyi ili m'maselo a mluza monga ilili m'maselo a khansa, ndipo mluza ndi umene uli pafupi ndi mpweya.

Ndaonanso cholakwika pa ndondomeko ya masiku. Gulu la Folkman linasonyeza mu 1977 kuti chotupa choikidwa pa nembanembayi chimakhala maola pafupifupi 72 timitsempha tisanachilowe. Ife taika pa tsiku 9, ndiye timitsempha talowa cha pa tsiku 12, ndipo pa 14 tatseka. Chotupa chakhala ndi magazi masiku awiri okha. Masiku enawo okosijeni ankangolowa pamwamba pake, ndipo Thomlinson ndi Gray anaonetsa mu 1955 kuti okosijeni salowa m'minofu kupyola pafupifupi mamaikiromita 150 (mamilimita 0.15) kuchokera pamtsempha. Chotupa cha mamilimita angapo pakati pake mwina sipanasinthe n'komwe.

5 Meyi: HIF-1α yasowa

Tinafuna kutsimikiza ngati okosijeni anafikadi mkati mwa zotupa, choncho tinayeza HIF-1α pa zidutswa zomwe tinaumitsa mufiriji. Pa Western blot, njira yomwe puloteni ikakhalapo imaoneka ngati mzere, palibe mzere, ngakhale pa zotupa za mumpweya wamba zomwe ziyenera kukhala nayo. Tinakayikira antibody, mankhwala ozindikirira puloteniyo, koma titamuyesa pa maselo othiridwa cobalt chloride, yomwe imachulukitsa HIF-1α, mzere unatuluka wakuda bii.

Vuto ndi mmene ndinakololera. Ndinkadula chotupa, kuchitsuka, kuchijambula, kuchiyeza pasikelo, kenako n'kuchiika kozizira, zonsezo mphindi 15 kapena 20 chili pamtetete. HIF-1α imatha theka m'mphindi pafupifupi 5 ikakumana ndi okosijeni. Pofika mufiriji inali itaphwanyika kale m'magulu onse. Zidutswa zimenezi sizingayankhenso funso ili.

Gulu likubwerali tigawa ntchito anthu awiri: mmodzi adula, wina alandira ndi kuponya theka la chotupa mu naitirojeni wamadzi mphindi imodzi isanathe, theka linalo likhale la sikelo ndi maikulosikopu. Tiyezanso carbonic anhydrase IX, puloteni imene HIF imadzutsa koma yosatha msanga, kuti ikhale mboni yachiwiri.

12 Meyi: gulu lachinayi lalowa

Mazira 90 alowa lero. Zosintha ndi zitatu. Maselo tiika pa tsiku 7, pa 19 Meyi, kuti chotupa chikhale ndi magazi masiku anayi tisanatseke, ngakhale nembanemba pa tsiku limenelo imakhala yaing'ono ndipo ndikuyembekeza kutaya mazira ochulukirapo. Chachiwiri ndi kukolola mwachangu kuja.

Chachitatu ndi chimene ndikuchifunitsitsa. Odwala sakhala mu okosijeni usana ndi usiku ngati mazira athu, amalowa mphindi 90 n'kutuluka. Pa diso la mwana wobadwa masiku asanakwane uja, khungu silibwera pa nthawi ya okosijeni wambiri yokha. Limadza pambuyo pake, mwana akabwerera ku mpweya wamba: mbali ya diso imene timitsempha take tinatsekeka imasowa okosijeni, VEGF imakwera, ndipo timitsempha timaphuka mosalongosoka. Lois Smith ndi anzake anapanga njira yoonera zimenezi pa ana a mbewa mu 1994, powaika mu okosijeni 75 peresenti kuyambira tsiku 7 mpaka 12 la moyo wawo, kenako n'kuwatulutsa. Ndikufuna kuona ngati chotupa chathu chichita chimodzimodzi chikatuluka m'bokosi. Choncho pakhala gulu lolowa mu okosijeni mphindi 90 pa tsiku, ndi lina lokhalamo masiku atatu kenako n'kubwerera ku mpweya wamba.

Apa pali vuto limene sindinalithetse. Kusuntha mazira tsiku ndi tsiku kuchoka bokosi lina kupita lina kuwagwedeza ndi kuwaziziritsa, ndipo tibwereranso ku cholakwa cha Malichi. Ndi bwino mazira akhale pamodzimodzi, usinthe mpweya wokha. Tagula bokosi lachitatu ndi vavu ya njira zitatu, koma pa lita 1 pa mphindi bokosi la malita 20 likutenga pafupifupi ola kuti lifike pa 60, ndipo mphindi 90 zitha mpweya ukadakwera. Mawa ndiyesa kulitsuka ndi malita 5 pa mphindi kwa mphindi 10 zoyamba, temometa ndi choyezera chinyezi zili mkati, ndione kuti zitsika bwanji. Zikatsika kwambiri, ndidzaza theka la bokosi ndi mabotolo amadzi otsekedwa kuti malo a mpweya achepe. Mawindo a mazira ndidula pa 15 Meyi.